Liwu Limodzi la Chingerezi, Munda Wonse wa Mbatata

Lolemba

Ndachimwa. Ndiyambe ndi zimenezi, zina zibwere pambuyo.

Riuniyau, msonkhano wa gulu lathu la alimi a mbatata ya kachewere, pakhonde pa a Jere, apulezidenti athu. A Jere atulutsa foni yawo yaikulu ija, akuti wogula wathu wa ku Lilongwe, a Mwale, atumiza uthenga. Kamiyau, lole yawo yodzatenga mbatata, ibwera Loweruka m'mawa. Uthenga uli m'Chingerezi, ndiye foni ikuyenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa ine, asekeretariya. Nthawi zonse zimatero. Ndine ndinalawa Chingerezi ku Dedza tili othawa nkhondo, ndine ndinafika desima, kalasi yakhumi, ku Ulongwe titabwerera kuno ku Mozambiki, ndipo ndine ndimalembera a Mwale. M'Chingerezi, kuti aone kuti kuno si kutchire.

Ndikuwerenga bwinobwino, ndikumasulira. Moni. Katundu wa ulendo watha anafika. Ulendo uno akufuna mbatata imene ili...

Mealier.

Mayi Maria! Liwu limeneli sindinakumanepo nalo chibadwire.

Maso onse ali pa ine. Ndiye pakamwa panga, osandifunsa n'komwe, pakuti: "Eee, limeneli ndimalidziwa."

Kenaka ndikuwonjezera kuti ndi liwu lozama, silimasuliridwa mothamanga. Liwu lili ngati mkamwini, uyambe wadziwa kwawo usanamupatse munda. Andipatse masiku awiri ndifufuze kumene linachokera. Anthu akugwedeza mitu. Wina akuti, "Sukulu ndi sukulu."

Vuto ndi ili. Gulu lili ndi minda iwiri: mbatata yofiira kumunsi kudambo, yoyera kumtunda. Manja athu angakumbe munda umodzi wokha Loweruka lisanafike, ndipo kamiyau ndi imodzi. Liwuli ndilo linene munda wokumba. Tikaphonya, a Mwale awolokera ku gulu la kutsidya kwa mtsinje, limene lakhala likuwanyengerera chaka chonse.

Mlamu wanga a Nangozo, amene sanakhalepo pa benchi ya sukulu koma pakamwa pawo panamaliza desima, akuti: "Bwanji osangowaimbira? Si Mchewa mnzathu yemweyu?"

A Jere akukana. Wogula safunsidwa. Ukamufunsa waonetsa kuti sudziwa, ndipo akadziwa kuti sudziwa, sikelo yake imayamba kudwala. Ine ndikuvomereza mokweza kuposa onse.

Machimo a lero:
bodza, limodzi, lalikulu;
kunyada;
kukondwera pamene munthu uja anati sukulu ndi sukulu;
kulakalaka kuti foni ya a Jere igwere m'chitsime.

Lachiwiri

Dongosolo langa:
1. Liwuli ndilipeze m'nyumba momwe muno.
2. Abambo a Selina asadziwe kanthu.
3. Ndisale kudya mpaka ndilipeze.

Ndakhuthula sutikesi yonse pamphasa. Baibulo la Chinyanja, mulibe. Buku la Misa, mulibe. Kadelenu yanga, kope la desima: mayina a masiku, mayina a ziwalo za thupi, ndi kalata yopempha ntchito imene sindinatumize. Buku lowerenga la ku Dedza, lija ndinabwera nalo pamutu mumtolo wa zovala: chiswe chadya kuyambira pa nkhani ya galu mpaka kumapeto. Ngati liwuli linalimo, lili m'mimba mwa chiswe.

Chimene ndikudziwa n'chimodzi. Kamchira kaja kakumapeto ndi kofanizira, kamatanthauza kuposa. Ndiye a Mwale akufuna mbatata imene ili chinachake kuposa inzake. Chinachakecho ndiye chiyani?
Yaikulu kuposa?
Yosalala kuposa?
Yochedwa kuwola kuposa?
Yotsika mtengo kuposa? Mulungu asalole.

Foni yanga ndi yamabatani, imadziwa kulira basi. Yodziwa kufufuza mawu ndi ya a Jere. Ndikawabwereke ndinene kuti chiyani?

Masana ndapita kuminda. Ndafukula yofiira imodzi, yoyera imodzi, ndaziika pamwala. Ndikutchula liwulo mokweza, kaya mwina ina ioneke ngati yamva dzina lake. Zonse zili duu. Ndikutchulanso mwa mtundu wina, lilime ndalipinda. Potembenuka, a Nangozo ali chilili ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Angoyang'ana ine, ayang'ana mbatata, apitiriza ulendo. Kukhala chete kwa munthu ameneyu kumapweteka kuposa kulankhula kwake.

Abambo a Selina aona kuti sindikudya. Akufunsa ngati Kwarezima, nyengo yosala kudya ija, yabweranso kawiri chaka chino. Ndikuyesa kulimba, koma ine chinsinsi chimandiyabwa ngati chitedze. Ndaulula zonse. Aseka mpaka kutsokomola.

"Mukanangonena kuti magalasi mwaiwala, amake Selina."

Magalasi ndilibe. Akuti limenelo likanakhala bodza laling'ono, lolapika msanga.

Mfundo yachiwiri yagwa. Yachitatu yagwa dzuwa litapendeka, chifukwa cha chimanga chootcha. Yoyamba sinaimepo n'komwe.

Lachitatu

Shapa, kaminibasi koyamba kopita ku Ulongwe. Ndauza anthu kuti dzino landivuta, ndikupita kukalionetsa. Bodza lachiwiri. Mabodza ali ngati mbatata yomweyi, ukakwirira imodzi umakumba dengu.

Ndikupita kwa apulofesolo Zakariya, amene anandiphunzitsa Chingerezi mu desima. Anapuma ntchito, akuweta nkhunda. Andilandira bwino, afunsa za ana, za mvula, za mafupa a abambo a Selina. Ndawalembera liwulo papepala. Aliyang'ana nthawi yaitali. Alowa m'nyumba, atuluka atavala jekete. Disiyonariyu, buku la matanthauzo a mawu, satsegula atavala malaya okha.

Bukulo ndi lokutidwa m'chitenje ngati khanda. Chala chikutsika tsamba. Chikukwera. Chikutsikanso. Akutsokomola. Nkhunda zikulira padenga.

Kenaka nkhope yawala. Akuti liwuli ndi lathu lomwe! Linabadwa kwa Apwitikizi, ndi milho, chimanga. Linatsika ku Joni, Mabunu analipinda pakamwa, Angerezi n'kulitola. Ndiye a Mwale akufuna mbatata yachimangachimanga kuposa inzake, ndiye kuti yachikasu mkati. Yofiira khungu ija, si yachikasu ukaidula? Basi, ndi imeneyo.

Ndikufunsa mwaulemu ngati akutsimikiza.

"Mwana wanga, ndinakuphunzitsa ndine, kapena unandiphunzitsa ndiwe?"

Ndapepesa. Koma ndaona ndi maso angawa kuti liwu limene chala chawo chikuloza si lenilenilo. Likufanana nalo ngati msuweni, koma kamchira kaja kalibe. Ndaonanso kuti buku alitseka msanga. Zaka zonse ndinakhala m'kalasi mwawo sindinawamvepo akunena kuti sakudziwa. Lero ndazindikira kumene ndinatengera matendawa.

M'shapa pobwerera, nditapanikizika pakati pa thumba la feteleza ndi mayi wonyamula abakha, ganizo landigwera ngati mwala. Chimanga chachikasu ndi chija tinkalandira kukampu. Chimanga chathu, cha makolo, cha m'nkhokwe zonse za kuno ndi za ku Lilongwe komwe, n'choyera.

Choyera!

Ndiye yachimangachimanga ndi iti?

Ndapemphera kolona yonse mpaka ku Domwe. Yankho silinabwere. Bakha mmodzi wandijompha pa bondo.

Ndatsimikiza mtima: ndinena za apulofesolo. Zikalakwika, kulakwako kukhale kwa munthu wa jekete.

Tchimo lina limenelo. Ndalilemba.

Lachinayi

Riuniyau m'mamawa, anthu abwera kale ndi makasu, akungodikira kuti ndiloze.

Ndinakonza zonena mawu awiri okha. Koma nditaimirira, mzimu wina, osati Woyera, wandilowa. Ndikufotokoza ulendo wonse wa liwuli: kubadwa kwake kwa Apwitikizi, kukwera kwake sitima, kuvutika kwake m'migodi ya ku Joni, kulowa kwake m'Malawi, ndipo lero labwerera kwawo ngati ife tomwe tinabwerera. Za sitima ndi migodi apulofesolo sananene. Ndawonjezera ndekha. Dzina la apulofesolo sindinalitchule n'komwe, ndiye ngakhale jekete lija silindiphimba.

A Jere avula chipewa. Akuti agogo awo anagwira ntchito ku Joni, mwina anakumana nalo liwuli maso ndi maso. Amayi awiri alulutira. Ine ndikumva kukoma. Ambuye, ndikumva kukoma! Chimenechi ndiye chikundiopsa.

Ndaloza kudambo. Yofiira.

Tsiku lonse tikukumba. Dothi lakuda, lonyowa, lomata makasu. Amuna kutsogolo, ife pambuyo kutola ndi kusankha. Mbatata yabereka chaka chino ngati ikudziwa kuti ikufuna kundichititsa manyazi. Khasu lililonse likagwa ndikumva ngati lagwa pamsana panga. Yokumbidwa sibwerera m'nthaka.

A Nangozo akutola pafupi nane. Poyamba akufunsa za dzino, kuti lili mbali iti. Ndaloza kumanzere. Akuti dzulo pokwera shapa ndinagwira tsaya lakumanja. Kenaka, osandiyang'ana, akulankhula ndi dengu lawo:

"Ine ndaphika mbatata mpaka imvi izi, sindinamvepo munthu akutuma galimoto kudzatenga yamadzi."

Ndawayankha kuti anthu a m'tauni ali ndi makonda awo. Akuti n'zoona mlamu, inu ndi amene munaphunzira.

Madzulo msana sukuwongoka. Abambo a Selina akumba nawo tsiku lonse osatsegula pakamwa, chinsinsi changa chili m'masaya. Pofika kunyumba angoti nkhani ya sitima ija inali yokoma, anatsala pang'ono kukhulupirira.

Mawa kulapa. Palibenso njira ina.

Lachisanu

Njinga, kumishoni. Mzere wa olapa ndi waufupi, agogo awiri ndi ine. Agogowo akutuluka msangamsanga. Anthu odala, machimo awo ndi a Chinyanja chokhachokha.

Ndagwada. Ndanena zonse: liwu, chiswe, dzino, jekete, sitima, dambo. Kuseri kwa kansalu ndikumva ngati apadiri akulimbana ndi chifuwa. Akufunsa kuti liwulo ndi liti. Ndalitchula chilembo chimodzichimodzi.

Akuti, "Sindikulidziwa."

Basi! Mopepuka, ngati munthu wopempha madzi akumwa. Munthu wophunzira mpaka kunja kwa dziko! Denga silinagwe. Sabata yonseyi ndi munthu woyamba kunena mawu amenewa.

Ndikuwapempha kuti ayang'ane pa foni yawo, poti yawo ndi yodziwa zinthu. Akuti foni salowa nayo muno. Ndikuti chabwino, akatuluka ayang'ane, adzandinong'oneze. Akuti sizitheka. Zimene amva muno, akatuluka sanazimve. Sangayambe okha nkhaniyi panja ngakhale ndi ine mwini wake. Ndikafuna, ndikawapeze pabwalo ndiyambe ndekha, ngati nkhani yatsopano.

Malipiro a machimo: osati Tikuoneni Maria khumi, osati makumi asanu, zimene ndikanalandira ndi manja awiri. Akuti ndipite kwa a Jere lero lomwe ndikanene kuti sindikudziwa.

Ndatuluka. Pabwalo amayi a kwaya akusesa, ndipo pakati pawo, ndi tsache lalitali, akazi a a Jere. Apadiri atuluka, aima pamasitepe, foni ili m'manja. Akundiyang'ana mwachifundo. Akudikira. Matsache onse achepetsa liwiro.

Ndayandikira. Ndatsegula pakamwa.

"Apadiri, kwazizira lero."

"Kwazizira ndithu, amayi."

Foni aibweza m'thumba. Ine pa njinga.

Kwa a Jere ndapitako, Mulungu ndi mboni. Ndapeza matumba asokedwa kale, aimikidwa m'mizere ngati ana a ubatizo. Andikhazika pampando wa alendo, andipatsa thobwa m'kapu yagalasi. Ndisanayambe, a Jere akuti komiti yagwirizana kuti mawa ndilandire a Mwale ndi mawu a Chingerezi pamaso pa onse, kuti a kutsidya amve ali kwawo komweko.

Ndamwa thobwa. Ndathokoza. Ndabwerera.

Kulapa kwa m'mawa kwatha ntchito dzuwa lisanalowe. Ngakhale mkaka umakhalitsa kuposa pamenepa.

Loweruka

Kamiyau yafika dzuwa litangokwera. A Mwale atsika, munthu wamfupi, wansangala, chipewa cha ubweya. Miyezi yonseyi timangolemberana, katundu ankatenga ndi dalaivala wawo. Lero ndi koyamba kuonana.

Ndaima kutsogolo, chitenje chatsopano. Ndanena mawu anga a Chingerezi, ndinawaloweza pokama mbuzi. A Mwale akumvetsera, akutuluka thukuta kuzizira konseku. Ayankha mawu atatu a Chingerezi, lachinayi lawakanika, ndiye angoti, "Zikomo kwambiri, mayi, tafika." Chichewa cha ku Dedza chenicheni, ngati cha amalume anga.

Amasula thumba limodzi. Atenga mbatata, aitembenuza, aibweza. Sakunena kuti inde, sakunena kuti ayi. Kenaka akundikodola kuti tipite kuseri kwa kamiyau.

"Mayi, pepani, musauze anthu. Liwu lija limatanthauza chiyani?"

Ndatsamira tayala, ndawafunsa kuti akundifunsiranji ine liwu lawo lomwe.

Akuti si lawo. Mbatata amakagulitsa kumalo ena odyera m'tauni, ndipo wophika wa kumeneko ndi amene anawalembera. Iwo anachita manyazi kumufunsa, poti wogulitsa akafunsa amaoneka wakumudzi. Ndiye anangolitumiza kwa ine momwe linalili. Akuti makalata anga amawaopsa, amawawerenga kawiri ndi mlamu wawo, ndiye anadziwa kuti mayi wa ku Mozambiki ameneyu sangalephere.

Taima awiri kuseri kwa kamiyau, aliyense akudikira mnzake.

Ndipo mawu aja atuluka okha pakamwa panga, aang'ono, opanda mchere: sindikulidziwa. Sindinalidziwepo.

Sitinaone kuti a Nangozo ali mbali ina ya tayala lomwelo, akuti amafuna mthunzi. Atulukira, atambasula dzanja kwa a Mwale ngati akulanda mpeni kwa mwana. "Imbani. Wophikayo. Muike pokweza timve tonse."

Aimba. Anthu asonkhana. Wayankha ndi mayi, kumbuyo kukumveka mapoto. A Mwale akuzungulira, moni, za banja, za nyengo. A Nangozo awerama pa foni n'kufunsa okha kuti mbatata akufunayo ndi yotani.

"Yaufa, mayi. Yoti ukaphika iziphulika yokha, yofumbutuka mkamwa. Ija munatumiza inali yamadzi."

Yaufa.

Liwu limene mwana aliyense wa kuno amalidziwa asanamere mano. Yoyera ya kumtunda, imene ili m'nthaka mpaka pano, ikugona mwamtendere.

A Jere avala chipewa chawo pang'onopang'ono. A Mwale akupepesa aliyense, ngakhale ana. Sangadikire kuti tikumbe, ayenera kudutsa pa foronteira, malire a dziko, lero. A kutsidya ali ndi yoyera yokumbakumba. Taimirira tonse kuonerera kamiyau ikuwoloka mtsinje, ikukwera, ikuima. Kuchokera kuno timamva ndithu akululutira.

A Nangozo sananditonze. Angondifunsa ngati dzino lapola.

Lamulungu

Misa yoyamba. Sindinalandire mgonero. Ndakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Titatuluka ndawapeza apadiri pabwalo, anthu ali ponseponse, ndawafunsa mokweza za liwu lija. Tsopano ndibisiranji, nkhani yafika kale mpaka kumsika. Iwo akuchita ngati akulimva koyamba, Mulungu awadalitse. Atulutsa foni. Nthawi yake yosakwana kumanga mpango.

Akuti ndi lochokera ku liwu lakalekale la Angerezi lotanthauza ufa, chilichonse chopera. Mbatata yaufa, ndipo kamchira kaja n'kuposa, monga ndinanenera. Pamenepo pokha ndinakhoza. Akuti ndi pachibale ndi liwu la Chingerezi la chigayo, ndiponso ndi moer ndi moinho, kupera ndi chigayo m'Chipwitikizi, agogo awo ndi amodzi. Silinakwerepo sitima. Ku Joni silinagwireko ntchito. Lija la apulofesolo ndi lina, la kwa eni ake, angofanana nkhope.

Ndiye kwawo kwa mkamwini ndakudziwa, munda atadya kale.

Ndayesa kufotokozera amayi a kwaya za moinho. Wina akuti mwana akulira, wina akuti mbuzi zamasuka. Abambo a Selina amvetsera mpaka kumapeto, kenaka akuti ya sitima ija inali yabwino kuposa iyi.

Masana riuniyau yaifupi. Ndaimirira, ndanena zimene apadiri anandituma Lachisanu, mochedwa ndi masiku awiri ndi kamiyau imodzi. A Jere akuti nawonso ali ndi mbali yawo, poti ndi iwo analetsa kuimba. Ananena akuyang'ana denga, koma ananena.

Zogamulidwa:
usekeretariya ndipitiriza, chifukwa palibe wina akuufuna;
makalata onse kwa a Mwale azilembedwa m'Chinyanja, ndipo a Nangozo azimva asanatumizidwe;
yoyera tikumba sabata yamawa, a Mwale akuti mwina adzabweranso, mwina;
yofiira singadikire, yayamba kale kuchita thukuta m'matumba. Ipita kumsika wa ku Ulongwe pangolo, izikagulitsidwa pamulu pamulu mpaka ithe.

Wokhala nayo kumsikako sitinachite kumuvotera. Onse angoyang'ana kumene ndakhala.

Ngolo inyamuka mawa kukangocha. Ndakonza ambulera, kampando, kolona ndi chitenje chakale. Matumba ndi ambiri, anthu a ku Ulongwe ndi ochenjera, ndipo apulofesolo Zakariya amagula ndiwo Lolemba.

Ndalonjeza pamaso pa Mulungu kuti wogula aliyense akandifunsa ngati ndi yaufa, ndimuuza zoona, kuti ndi yamadzi.

Ambuye, asafunse.